Voti si cuma ca makolo

Nyengo ya masankho ikafika, timamva andale akunena kuti, "Dera lakuti ndi lathu, kumeneko sitidzavutika." Mau otere amatikhumudwitsa, cifukwa amayesa anthu ngati mbuzi za m'khola. Tiyeni tione zimene zapezeka ku America, kumene akhala akufunsa anthu otuluka m'malo oponyera voti kwa zaka zoposa 50.

Kafukufuku ameneyu amamucha exit poll. Anamuyambitsa ndi Warren Mitofsky wa nyumba youlutsa nkhani ya CBS mu 1967, pa masankho a bwanamkubwa wa Kentucky. Ofunsa amaima panja pa malo osankhidwa, napatsa ena mwa otuluka pepala losalembapo dzina. Munthu amaconga amene wamsankha, zaka zake, maphunziro, mpingo ndi nkhani imene yamvuta mtima. Akaika pamodzi mayankho a zaka zambiri, zimaoneka mmene mitima ikusinthira.

Tengani Akatolika a kumeneko. Mu 1960 pafupifupi 8 mwa 10 anasankha John Kennedy wa cipani ca Democrat, malinga ndi kafukufuku wa Gallup. Mu 2004 cipani comweco cinaimika Mkatolika wina, John Kerry, koma exit poll inasonyeza kuti 52 peresenti ya Akatolika inapita kwa George Bush. Mu 2008 ambiri anabwerera kwa Barack Obama, ndipo mu 2024 pafupifupi 6 mwa 10 anasankha Donald Trump.

N'cimodzimodzi ndi anthu ocokera ku maiko a Latin America. Mu 2012, 71 peresenti inasankha Obama, ndipo a Democrat anayesa kuti gulu limeneli lili m'thumba mwao. Pofika 2024, Trump anapeza 46 peresenti. Azungu osafika kuyunivesite, amene ambiri kale anali kumbuyo kwa a Democrat kudzera m'mabungwe a anchito, mu 2016 awiri mwa atatu anasankha Trump.

Zoona, zina sizisuntha msanga. Kuyambira 1980, azimai akhala akukonda a Democrat kuposa mmene azibambo amawakondera, ndipo anthu akuda pafupifupi 9 mwa 10 sanacoke kucipani cimeneco. Komanso kafukufukuyu amaphonya. Mu 2004 ziwerengero zoyamba zinaonetsa Kerry ali patsogolo, koma anapambana ndi Bush. Motero sitinena kuti exit poll ilowe m'malo mwa kuwerenga mavoti. Phindu lake lili pa kuonetsa njira imene anthu ayenda m'zaka zambiri, pakuti tsiku limodzi silioza mbewa. Cipani cimataya anthu pang'onopang'ono, eni ake ali m'tulo.

Kodi kuno kwathu n'kosiyana? Mu 1991 cigawo ca Kum'mawa cinakhala ndi UNIP pamene dziko linatembenukira ku MMD. Mu 2008 ndi 2011 cinali ndi a Rupiah Banda a MMD, ndipo mu 2016 ndi a Edgar Lungu a PF. Kumigodi anayamba ndi a Frederick Chiluba, nasamukira kwa a Michael Sata, ndipo mu 2021 anasankha a Hakainde Hichilema. Ena adzati Kum'mawa ndi "wako ni wako" cabe. Ena adzati ndi feteleza ndi mtengo wa cimanga. Cobvuta n'cakuti zotuluka zimene amalengeza a Electoral Commission of Zambia zimatiuza kumene voti yacokera, koma sizitiuza ngati woponyayo ndi wacinyamata, mlimi kapena mai wa pamsika, kapena cimene camkankha. Tikasowa umboni timathamangira kunena za mtundu, ndipo cidani cimakula.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Masukulu athu aukacenjede ayambe kufunsa ovota mwadongosolo pa masankho alionse, mosakondera cipani, mosalemba dzina la munthu, ndipo zotuluka zisalengezedwe kuponya voti kusanathe. Cinsinsi ca voti cisungidwe, pakuti munthu wamantha sanena zoona.

Inu andale, lekani kuwerengera mavoti a mwana cifukwa atate ake anakusankhani. Ndipo ife ovota tisacite manyazi kusintha maganizo pamene amene tinamtuma waiwala cimene tinamtumira.