Ku Cabo Delgado asilikali ndi akazembe ayenera kuyendera limodzi

Zigawenga zitaukira tawuni ya Palma mu Marichi 2021, boma la Mozambique linavomera thandizo la asilikali akunja. Njira anaitsegula ndi akazembe ndi atsogoleri. Mu Epulo, Pulezidenti Filipe Nyusi anakakumana ndi Paul Kagame ku Kigali, ndipo mu Julayi kunafika asilikali ndi apolisi 1,000 a ku Rwanda. Nawo atsogoleri a SADC anagwirizana ku Maputo pa 23 Juni kutumiza gulu lawo lotchedwa SAMIM. Pofika pa 8 Ogasiti, doko la Mocímboa da Praia linali litabwerera m'manja mwa boma.

Koma magulu awiriwa anabwera pa mapangano osiyana, lililonse ndi olilamula ake ndi dera lake. A Rwanda anali ku Palma ndi Mocímboa da Praia, a SAMIM ku Macomia, Mueda ndi Nangade. Zigawenga zikapanikizidwa mbali ina zinkathawira kwina, mpaka zinafika ku Niassa ndi Nampula.

Zinthu zinapindika mu Disembala 2023, pamene SADC inatumiza asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi kum'mawa kwa Congo kukalimbana ndi M23, gulu lomwe akatswiri a United Nations amati limathandizidwa ndi Rwanda. Amene ankathandizana ku Cabo Delgado anapezeka mbali zosiyana ku Congo. Mfundo yotere msilikali sangaimasule, ndi ntchito ya akazembe. Mu Julayi 2024 SAMIM inachoka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, nkhondo isanathe.

Alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Pa nkhondo ya zaka 16, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, asilikali a ku Malawi akulondera njanji ya Nacala. Anthu anabwerera m'minda yawo atasainidwa mapangano a ku Roma pa 4 Okutobala 1992, omwe ananena momveka za kutula zida ndi kupanga gulu limodzi la asilikali.

Choncho mukamva kuti nduna zakumana pa za Cabo Delgado, mvetserani zinthu zitatu: akulamula asilikali ndani, akulipira ndani, ndipo alendo akadzachoka adzatsala kulondera midzi ndani. Mlimi wa ku Macomia sangadzale chimanga asanadziwe kuti adzakolola ali pamudzi pake.