MAKWERERO A MPIRA WA ATSIKANA AYAMBIRA M'MWAMBA, IFE A KUNYANJA TIPONDE PATI?

Anyamata ndi atsikana a kunyanja, kuyambira ku Golomoti, Mua, Mtakataka, ndi inu muli ku Joni mukuwerenga izi mobisa abwana asakuoneni! Ndi ine ndemwe, mwana wa msodzi uja. Uthengawu ndi wautali ndithu, koma mulibe video muno, bandulo yanu siivulala. Werengani mpaka pansi kenako muziyankha.

Mu October 2025 ma Scorchers atachinya Angola 2-0 pa Bingu National Stadium n'kupeza malo ku WAFCON koyamba m'mbiri ya dziko lino, ma status athu onse anali mbendera yokhayokha. Chimodzimodzi mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo ya COSAFA ku South Africa. Temwa Chawinga atamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current, ngakhale amalume aja amene amati mkazi wovala kabudula ndi tsoka anaika chithunzi chake pa profile. Zabwino zimenezo. Koma ine funso langa ndi limodzi: mtsikana wa pa Mtakataka amene ali ndi mwendo wamanzere woopsa, akadzuka mawa n'kunena kuti ine ndikufuna ndikafike kumene kuli Temwa, phazi loyamba aliponde pati?

Kwa amene simutsatira, zinthu zili chonchi. Zaka zambiri mpira wa amayi umaseweredwa m'zigawo, kumwera, pakati ndi kumpoto, kenako akatswiri a m'zigawomo n'kukumana kulimbirana ukatswiri wa dziko. Mu 2025 FAM inayambitsa ligi ya dziko lonse ya matimu 10 ndi thandizo la National Bank. Ndiye kuti ligi za m'zigawo zasanduka chopondera chachiwiri. Wachita bwino kuchigawo akuyang'ana kukwera, wagona kumtunda nkhwangwa ikumudikira kuti atsike. Makwerero amenewo.

Ndinene poyera: ine kukwera ndi kutsika ndimagwirizana nako ndi mtima wonse. Ndamva ena m'magulu mwathu muno akuti ayi, mpira wa amayi ndi wakhanda, kutulutsa timu mu ligi ndi nkhanza, asiyeni onse azingosewera. Aise, chifundo chimenecho ndi chimene chimapha mpira. Ligi yopanda nkhwangwa, ikangofika pakati, matimu a pansi amasiya kupita ku training chifukwa palibe chimene angataye, ndipo a kunja alibe chifukwa chovutikira chifukwa khomo ndi lotseka. Walira mvula walira matope. Ukufuna kukwera, uvomereze kuti kutsika kuliponso.

Ndipo umboni tili nawo m'nyumba mwathu momwe. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, sanachoke ku DD Sunshine ya ku Lilongwe n'kukatera ku Lyon ayi. Mu 2014 anapita ku Sweden ku katimu ka m'ligi ya pansi kotchedwa Krokom/Dvärsätts, dzina loti lilime limakana. Mu 2015 anali ku Kvarnsveden, mu ligi yachiwiri, anamwetsa zigoli 43, timu n'kukwera kupita mu ligi yaikulu. Mu 2017 anaposa onse mu ligi yaikuluyo ndi zigoli 26, koma mukudziwa chinachitika? Timu yake inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Womwetsa zigoli wamkulu m'dziko lonse, timu yake n'kutsika! Palibe anati tiwamvere chisoni. Tebulo linanena, basi. Iye n'kupita ku China, kenako Inter Milan, PSG, Lyon. Makwerero anamunyamula chifukwa kumene anapitako chopondera chilichonse chinalipo, kuyambira cha pansi penipeni, ku timatauni ting'onoting'ono toti pa mapu mpaka uchite kusinzinira.

Tsono bwerani kuno kwathu. Tchulani matimu a amayi amene mumawamva pa wailesi: Silver Strikers Ladies, Ascent, Ntopwa, Bullets, Wanderers, Moyale Sisters. Lilongwe, Blantyre, Mzuzu. Sindikuwachitira nsanje, agwira ntchito, ena ayamba ndi thumba la munthu mmodzi. Koma chigawo chapakati chili ndi maboma 9: Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Mchinji, Lilongwe, Salima, Dedza ndi Ntcheu. Ligi ikamatchedwa ya chigawo pamene mtima wake, mapapo ake ndi chiwindi chake zonse zili mu Lilongwe, ife a kuno kumunsi dzinalo limangotidutsa pamutu ngati ndege.

Tiyeni tiwerengetse ngati asodzi. Tinene kuti atsikana a pa Mtakataka alembetsa mu ligi ya chigawo. Masewero a koyenda ali ku Lilongwe. Njira ndi ziwiri: kudzera ku Salima pa M5, kapena kupita ku Golomoti n'kukwera Khwekhwelere kukatulukira pa M1. Iliyonse ndi makilomita oposa 100 kupita kokha. Osewera 18, kochi, mayi wowayang'anira, ndiye kuti minibasi yathunthu ya hayala, mafuta opita ndi obwerera, ndipo mukudziwa mmene mafuta amavutira m'dziko muno. Atsikanawo adzuke tambala woyamba, ena asanza m'makona a Khwekhwelere, afike masana adya mandasi awiri ndi madzi, alowe m'bwalo kukumana ndi timu imene yagona kunyumba n'kubwera pa kabaza. Sabata yotsatira anzawowo abwere kwathu kamodzi, pamene ife tiyenera kukwera phiri limenelo pafupifupi sabata ziwiri zilizonse. Ndalama zikatha pakati pa ligi, timu siipita, mapointi atatu apita kwa eni bwalo osatuluka thukuta. Kumapeto kwa chaka wailesi idzati timu ya kunyanja yatuluka mu ligi chifukwa chosachita bwino. Bodza! Yatulutsidwa ndi minibasi. Tebulo lotere likuwerenga ndalama za mafuta, osati zigoli, ndipo nkhwangwa yake imagwera wosauka asanamenye n'komwe mpira.

N'chifukwa chake timu yanzeru ya kuno siyerekeza n'komwe kulembetsa. Ndipo m'malo mwa ligi tapatsidwa chiyani? Bonanza.

Apa ndiye ndilankhule, amene akwiye akwiye. Bonanza si mpira, ndi msonkhano wa ndale wovala jombo. Chisankho cha pa 16 September 2025 chisanafike, bwalo lililonse kuno linali ndi chikho. Zimkuzamawu, magule, bwana kufika mochedwa ndi magalimoto asanu, kumenya mpira woyamba atavala suti. Anyamata kulimbirana ndalama zooneka, atsikana kuikidwa masewero a m'mawa dzuwa la kunyanja likuswa mtengo, anthu asanabwere, kuti angotenthetsa bwalo. Mlongo wanga wamng'ono anasewerako chikho china chotere. Anapambana. Mphoto yawo inali mpira umodzi, ndowa za pulasitiki, ndi ma jezi okhala ndi nkhope ya munthu pachifuwa. Kuchokera tsiku limenelo timu yawo sinaseweranso masewero ena oti pali woyimbira ndi pepala lolembapo zigoli. Ma jezi aja lero akupita nawo kudimba. Anthu aja anapambana ena, ena anagwa, koma onse manambala awo sakupezeka.

Bonanza imatha masiku awiri, siisiya tebulo, siisiya dzina la womwetsa zigoli, siikweza munthu kupita kulikonse. Kochi wa ku Lilongwe akafunsa kuti mwanayu wamwetsa zingati chaka chino, timuonetsa chiyani? Ndowa? Ligi ndi ina. Ligi imakakamiza mtsikana kubwera ku training Lachiwiri ndi Lachinayi kwa miyezi isanu chifukwa Loweruka kuli mapointi. Ndi miyezi isanu imeneyo imene imapanga wosewera, osati tsiku la bwana.

Koma tisangoloza chala ku Lilongwe ndi kwa andale, amwene. Ife anyamata a kudooko ndi amene tili patsogolo kupha mpira umenewu. Usipa ukagwa bwino, ndalama ya usiku umodzi imathera ku betting ndi ku video show kuonera Arsenal, timu yoti siidziwa kuti Mtakataka ndi nsomba kapena ndi mudzi. Atsikana akamasewera timapita, inde, koma kukaona miyendo ndi kukuwa zolaula kumbali kwa bwalo. Ndiye kholo liti lingalole mwana wake kubwereranso kumeneko? Ndipo makolo ena nawo, mpaka lero akuti mpira umaumitsa mkazi, sadzabereka, sadzakwatiwa. Chimene akuopa n'chiyani kwenikweni? Mwana ali pabwalo masana, anzake 20 ali pomwepo, aphunzitsi ali pomwepo. Malo oopsa timawadziwa tonse: ndi kudooko usiku, kumene mwana wa Standard 7 amatumidwa kukapempha nsomba kwa amuna amene samapereka ulere. Zimenezo sitizikuwiza. Kabudula ndiye watilakwira.

Dera lino ndi la malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, mayi amene dziko lonse lapansi linamudziwa chifukwa chothetsa maukwati a ana, oposa 850 pofika 2016, n'kubweza anawo kusukulu. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Iwo anagwira mbali yawo. Koma mtsikana wachotsedwa ku banja, wabwerera m'kalasi, akaweruka 2 koloko achite chiyani mpaka madzulo, mwezi ndi mwezi? Timutulutsa m'nyumba ya mwamuna n'kumusiya pa msewu womwewo umene anamupezerapo mwamunayo. Ine sindikunena kuti mpira ndi mankhwala a zonse. Ndikuti timu imene ikulimbana kuti isatuluke mu ligi imadziwa Lachiwiri lomwelo kuti goloboyi wawo sanabwere, ndipo anzake 10 amapita kwawo kukafunsa. Komiti ya m'mudzi imadzamva mimba itaoneka kale.

Tsono m'malo modikira, chopondera cha pansicho tikhome tokha. Mwayi wathu ndi woti midzi yathu yandanda pa msewu umodzi. Golomoti, Mua, Mtakataka, mpaka Chipoka ngati anzathu a ku Salima angafune, onsewa ali pa M5, malo ambiri ofikika pa njinga kapena pa lole ya mpunga ya ku Bwanje. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo. Matimu 12 akwana: 6 m'gulu la pamwamba, 6 m'gulu la pansi, kunyumba ndi koyenda, kuyambira May mpaka October mvula isanabwere ndi kudzaza Nankokwe ndi Livulezi. Wotsiriza kumwamba atsike, woyamba pansi akwere. Mudzaone mmene mudzi wonse udzadzazire bwalo tsiku limene timu yawo ikufuna pointi imodzi kuti ipulumuke kwa oyandikana nawo. Ngakhale agogo aja oletsa kabudula adzabwera ndi mpando.

Wina anena kuti anthu a kunyanja sasunga malamulo, ligi idzathera ndewu. Amene akunena zimenezo sadziwa nyanja. Ku chilumba cha Mbenje ku Salima asodzi amatseka usodzi chaka ndi chaka, tsiku lotsegulira limadziwika, wophwanya lamulo amathamangitsidwa, ndipo zakhala choncho kwa zaka zambirimbiri popanda wapolisi. Ma BVC athu amalemba mabwato ndi maukonde, amalipiritsa chindapusa. Ngati tingathe kuuza mwini chilimira kuti lero sulowa m'madzi, tingalephere kuuza timu kuti mwaseweretsa munthu wosalembetsa, mapointi achotsedwa?

Za ndalama, musandiuze kuti kulibe. Chigoba chimodzi cha usipa pa boti iliyonse kamodzi pa mwezi, nyengo imene nyanja ili bwino. Chimodzi chokha, chimene chimatayikira pamchenga pokokera ku thandala. Chigule mipira, laimu wolembera bwalo, ndi kangachepe ka woyimbira. Koma ndalamayo isagwidwe ndi ife anyamata, tikudziwana. Isungidwe ndi amayi a geni ya nsomba, aja amayendetsa banki m'khonde chaka chonse osasowa ndi K100 yomwe. Wandale akafuna kuthandiza, takulandirani bwana, ikani m'thumba lomwelo, koma ligi siitenga dzina lanu ndipo siyima chifukwa mwagwa pa chisankho.

Kwa a FAM ndi bungwe loyendetsa mpira wa amayi, ngati uthengawu ungakupezeni, pempho langa si la ndalama kwenikweni. Gawani chigawo m'timagulu ta matimu oyandikana, kuti timu ya kunyanja isakwere Khwekhwelere sabata ziwiri zilizonse, ikwere kamodzi kumapeto, pokalimbirana malo okwera. Lembani pa pepala, ligi isanayambe, kuti katswiri wa kagulu kotere akakumana ndi ndani ndipo akapambana alowa pati, malamulo asasinthe pakati pa chaka. Titumizireni munthu adzaphunzitse oyimbira ndi makochi, aakazi akhalepo. Ndipo osewera athu akhale ndi makadi, kuti timu ya m'tauni ikadzaona mwana wathu n'kumufuna, imutenge mwa dongosolo, makolo adziwe kumene akukagona ndi sukulu imene akalowe, timu ya kumudzi ilandireko ngakhale mipira isanu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, tikudziwa, apite ndithu. Koma asatengedwe usiku ngati nkhuku.

Anyamata a kumtunda anatha. Dedza Dynamos inakwera kuchokera mu ligi ya chigawo chapakati n'kulowa mu Super League mu 2022, Bullets ndi Wanderers n'kuyamba kubwera kudzasewera pa Dedza Stadium, boma lathu lomweli. Anakwera chifukwa kwa amuna makwerero amafika pansi.

Ndiye tichite chonchi. Aliyense amene akudziwa timu ya atsikana, ya sukulu, ya tchalitchi, ya mzikiti kapena ya m'mudzi, pakati pa Golomoti ndi Chipoka, alembe m'gulu muno dzina la timuyo, bwalo limene imasewerera ndi chiwerengero cha osewera. Manambala a foni a atsikanawo musaike, ndanena, musaike. Tikafika matimu 12 tiitana aphunzitsi a zamasewero ndi amayi a geni tikhale pansi pa Mtakataka. Inu a ku Joni, mipira ya size 5 ndi mapampu awiri, tikudikira pa basi.

Tumizani ku magulu ena a kunyanja.