Mkamwa mwa Akuluakulu a Mpira: Gawo Lachiwiri

Kale nkhani za mpira tidali kuzimva pa wailesi ya MBC kapena kuziwerenga m'nyuzipepala, ndipo wolankhula adali mmodzi, mlembi wamkulu wa bungwe. Lero mnyamata wa ku Namitete, Nsaru kapena Kabudula akangotsegula foni, apeza akuluakulu atatu akulankhula pa Facebook za nkhani imodzi, aliyense m'njira yakeyake. Tsono akhulupirire yani?

Akuluakulu a masewerowo sagwirizana pa funsoli. Ena akuti mtsogoleri ayankhe msanga ndiponso m'chilankhulo cha ochemerera, chifukwa akachedwa mphekesera zimam'tsogolera. Ena akuti udindo ufuna kudekha: komiti iyambe yakumana, kalata isainidwe, kenaka anthu auzidwe. Oyambawo amanena anzawo kuti ndi obisa zinthu, pamene achiwiriwo amati anzawowo angofuna kutchuka.

Tiyeni tione chitsanzo. Mu September 2023 Silver Strikers ndi Mighty Wanderers adakumana pa Bingu National Stadium mu chikho cha Airtel Top 8. Chigoli cha Silver chakumapeto chidadzetsa mkangano, popeza a Wanderers adati woimbira adali ataimba kale wezulo. Masewero adathera panjira, mipando ina idaswedwa, ndipo bungwe la FAM lidapereka chipambano kwa Silver ndi kulipiritsa Wanderers. Koma chigamulocho chisanatuluke, kanema wa chigolicho adali atazungulira kale m'mafoni, aliyense atagamula kale mlandu mumtima mwake. Kalata ya bungwe idapeza anthu ataima kale m'magulu awiri.

Apa tiona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi choona chake. Kukhala chete kumapatsa mpata amabodza, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Komanso mkulu wothamangira kulemba maganizo ake komiti isanakumane amadzimanga yekha, chifukwa chigamulo chikasiyana ndi mawu ake, mmodzi mwa awiriwo aoneka wonama.

Kukhulupirika tsono sikuchokera m'liwiro kapena m'Chingerezi chozama. Kumachokera m'zinthu zitatu. Choyamba, bungwe likhale ndi kamwa limodzi lodziwika. Chachiwiri, chigamulo chitchule lamulo lomwe lathyoledwa, kuti mphunzitsi wa masewero pasukulu athe kulifotokozera ana. Chachitatu, mlandu wofanana ulandire chilango chofanana, kaya timu ndi ya ku Blantyre kaya ndi ya kumudzi kuno.

Mu December 2023 a Fleetwood Haiya adagonjetsa a Walter Nyamilandu pa chisankho cha FAM ku Mzuzu, a Nyamilandu atalamulira kuyambira 2004. Ovota adali nthumwi zowerengeka chabe, koma omvera adali dziko lonse. Mtsogoleri wa lero ayenera kukumbukira omverawo.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife. Timu ya kumudzi imene yasonkherana ndalama za galimoto, n'kukapeza kuti masewero adasinthidwa ndi uthenga wa WhatsApp wopanda dzina, yataya ndalama pamodzi ndi chikhulupiriro. Inu aphunzitsi ndi achinyamata amene mwasankhidwa kukhala alembi a makomiti, lembani tsiku, dzina ndi udindo wanu pa uthenga uliwonse, ndipo mikangano ya m'komiti ithere m'komiti momwemo.

Mawa tidzaona udindo wa atolankhani pa nkhani yomweyi.