Nyanja Sidziwa Bwana

Abale anga a m'tauni, tiuzane zoona. Munthu wagula boti la injini lero, Loweruka wafika nalo ku Mangochi, wadzazamo mkazi, ana ndi makireti a mowa. Jekete yoyandamitsa, olo imodzi! Kodi umenewu ndi ubwana kapena kupha?

Safunsa anadya phula. Msodzi wa bwato amene mumamuderera uja amadziwa kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera sucheza. Mu 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, inamira m'nyanja yomweyi ndipo anthu 145 anafa. Nanga kaboti kanuko n'kandani?

Tamverani tsono. Ngati injini yanu ndi yosakaniza petulo ndi oyilo, tsatani muyezo wa m'buku lake, osati wa m'mutu mwanu. Mukailiza, onani ngati ikulavula madzi kumbuyo. Ikapanda kutero zimitsani, ipsa. Petulo mugawe patatu: wopitira, wobwerera ndi wosungira tsoka. Musanyamuke opanda pulagi yapadera, sipanala, nkhafi, nangula ndi chokapira madzi. Chingwe chozimitsira injini chimangeni kudzanja, kuti mukagwera m'madzi boti lisathawe lokha. Uzani wina kumtunda kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Aliyense avale jekete asanakwere, poyamba ana.

Ndalama ndi zanu, sitikukana. Koma miyoyo mwanyamulayo simunagule pamodzi ndi injini. Woyendetsa akalawa mowa, boti likhale padooko. Panyanja palibe wapolisi woti mumunyengerere.