Ndani alankhulira dambo ku khonsolo?

Pa 18 February 2025 damu losungiramo zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi, amene malipoti oyamba anati anali malita pafupifupi 50 miliyoni, analowa mu mtsinje wa Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, ndipo anthu a ku Kitwe anawatsekera madzi a m'mipope. Caka cimodzi m'mbuyo mwake, pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinaumitsa cimanga m'minda ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anasowa, mabanja ambiri anabwerera ku mbaula, ndipo mitengo ndi imene inalipira.

Nkhani zotere timazimva pa wailesi zinthu zitaonongeka kale. Funso limene tifuna kuti mipingo yathu ilingalire ndi ili: zisanaonongeke, kodi pafupi ndi ife pali munthu amene nchito yake ndi kuyang'anira mtsinje, dambo ndi nkhalango? Ngati alipo, mau ake amveka?

Malamulo tili nao. Lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limene limaunika nchito zazikulu zisanayambe. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'dera kupanga gulu ndi kusamalira nkhalango yao mogwirizana ndi boma. Mu 2021 tinapatsidwanso unduna woona za cilengedwe. Koma dziko lathu lili ndi maboma ang'ono 116, ndipo ZEMA singakhale pa dambo lililonse. Zosankha za tsiku ndi tsiku zimacitikira ku khonsolo: kumene mapuloti adulidwe, pulani ya nyumba iti ivomerezedwe, zinyalala zikataidwe kuti, mseu udutse pati.

Apa ndiye pafunika katswiri wa zacilengedwe. Nchito yake siioneka ngati ya womanga mlatho. Amayenda m'dera n'kulemba pamene pali akasupe, madambo ndi mitengo ya masuku ndi mikuyu. Amayeza madzi. Amadziwa kuti dambo limamwa mvula ya mu January n'kuitulutsa pang'onopang'ono mu October, ndi kuti mukalithira dothi n'kumangapo nyumba, madziwo adzalowa m'nyumba za ena pa dzinja, ndipo zitsime zidzauma m'cilimwe. Amadziwanso kuti bowa umene amai amagulitsa m'mbali mwa mseu umamera pansi pa mitengo ya miombo, ndipo mitengoyo ikatha bowa umathanso, pamodzi ndi vinkubala ndi uci. Akalemba zonsezi pa mapu, makhansala amagamula nkhani akudziwa cimene akutaya.

Nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa Lusaka ndi phunziro. Inatetezedwa mu 1957 cifukwa ndi kumene mtsinje wa Chalimbana umatunga madzi ake asanakathire mu Chongwe. Citetezoco cinacotsedwa mu 1983, ndipo cinabwezedwa mu 1996 anthu atadandaula kuti mtsinje ukuuma. Kuyambira 2017 kufika 2019 mbali zazikulu zinacotsedwanso, ndipo anthu anamangamo nyumba. Amene anagamula zimenezi ndi boma lalikulu, koma amene amavutika madzi akacepa ndi anthu a ku Chongwe. Cidziwitso cinalipo kuyambira kale. Cimene cinacepa mphamvu ndi mau a amene anali naco.

Lero nkhaniyi yakula cifukwa ndalama zafika kumaboma. Thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo lapitirizabe kukwera. Tiyamika makalasi, zipatala ndi milatho imene yamangidwa. Koma kalasi iliyonse ifuna mcenga, ndipo mcengawo umakumbidwa mu mtsinje. Njerwa zambiri zimaochedwa ndi nkhuni. Citukuko cikathamanga popanda wofunsa kumene zipangizo zicokera, tingathe kumanga cipatala cokongola pamalo pamene zitsime zake tazipha tokha.

Ena adzati: anthu ali ndi njala, mutiuza za acule ndi mbalame? Funsoli n'lomveka, ndipo sitiliponya kumbali. Bambo wooca malasha sacita zimenezi cifukwa codana ndi mitengo. Afuna ndalama ya unga ndi ya mankhwala. Koma ndi iye yemweyo amene adzayamba kumva kuwawa nkhalango ikatha, pakuti wolemera adzakumba citsime cakuya ndi kugula sola. Katswiri wabwino sangoletsa. Amaonetsa pamene anthu angadule, pamene asiye kuti mitengo iphukenso, ndi mmene alimi angapezere ndalama ku njuci osagwetsa mtengo.

Ifenso a mpingo tidziyang'ane. Timapempha mapuloti omangapo nyumba za mapemphero, ndipo si nthawi zonse pamene timafunsa ngati malowo ndi dambo. Pa misonkhano yathu ikuluikulu timaphika ndi matumba a malasha. Genesis 2:15 itiphunzitsa kuti Mulungu anapatsa munthu munda kuti apindule nao ndiponso kuti ausunge. Mbali yoyamba timaikumbukira bwino kuposa yaciwiri.

Conco tipempha zinthu zingapo. Akulu a mpingo ndi azimai a cigwirizano azipita ku misonkhano ya komiti ya citukuko ya m'wadi mwao, akafunse ngati khonsolo yao ili ndi woona za cilengedwe, ndi ngati malangizo ake amalembedwa mapuloti asanagawidwe. Kukaitanidwa msonkhano womva maganizo a anthu pa mgodi kapena famu yaikulu, tisasiye mipando yathu yopanda anthu. Acinyamata amene akonda sayansi tiwalimbikitse: maphunziro awa aliko ku Copperbelt University, ku University of Zambia ndi ku koleji ya zankhalango ku Mwekera. Ndipo pamene mpingo uli ndi malo, tiyambe ndi ife kusunga mitengo yacilengedwe imene ilipo.

Pomaliza, tiziwapempherera anchito amenewa. Munthu amene akana kusaina pepala lolola kumanga pa dambo amadana ndi anthu amphamvu, ndipo kawirikawiri amaima yekha. Ena mwa iwo timakhala nao pa benci limodzi tsiku la Sabata. Adziwe kuti akanena zoona, mpingo wao uli nao pamodzi.