Tisanasinthe mapaundi a m'bale wathu kukhala makwacha

Ife anthu a m'Zambia tikamva malipiro a munthu wogwira nchito kunja, timathamangira foni. Timaculukitsa mapaundi kapena marandi ndi mtengo wa tsikulo, ndipo nambala ikatuluka timagwira pakamwa. Kuyambira pamenepo m'bale wathu uja wasanduka mpondamatiki: fizi ya ku koleji ya ana a mlongo wake ndi yake, bokosi la maliro ndi lake, malata a nyumba ya kumudzi ndi akenso. Ena a ife timafika pogulitsa puloti kapena kutenga kaloba kuti nafenso tipite. Masamu amenewa ndi olakwika, ndipo akudanitsa abale ndi kusaukitsa mabanja.

Tiyeni titenge citsanzo ca nchito yosamalira okalamba ku UK, imene ambiri a kwathu anapitira. Kuyambira mu April 2025, boma la kumeneko linaika £25,000 pa caka kukhala malipiro ocepetsetsa a munthu wolembedwa nchito imeneyi pa viza. Pa mwezi ndi £2,083. Tikayerekeza paundi imodzi pa K30, tikupeza K62,500, ndalama imene mphunzitsi wa ku Chipata kapena ku Petauke saiona pa payslip yake. Koma ndalamayi siifika yonse m'manja. Pa ndalama yopitirira £12,570 pa caka, boma limadula 20 peresenti ya msonkho ndi 8 peresenti ya National Insurance. Zotsala ndi pafupifupi £1,790 pa mwezi, penshoni isanadulidwe.

Apa m'pamene mwininyumba amalowerera. Ku London cipinda cimodzi cabe, m'nyumba yogawana khichini ndi cimbudzi ndi anthu osawadziwa, cimatha kudya theka la ndalama yotsalayo. M'matauni ena renti ndi yotsikirapo, komabe ndiyo imatenga gawo lalikulu. Palinso msonkho wa khonsolo umene okhala m'nyumba amalipira, gasi wofunditsira nyumba m'miyezi ya cisanu, ndi basi kapena sitima yopitira ku nchito. Amene ali ndi mwana wamng'ono amalipira womusungira, pakuti kulibe ambuye kapena kamdzukulu ka kumudzi kotsala naye. Zinthu zambiri zimene kuno acibale amaticitira mwaulere, kumeneko zili ndi mtengo wake pa ola.

Conco mtengo wosinthira ndalama umagwira nchito pa ndalama yokhayo imene yawoloka nyanja. Paundi imene yalipira renti ku Birmingham siinakhalepo K30. Inabadwira komweko n'kufera komweko. Imene tiyenera kuculukitsa ndi ija yotsala munthu atadya, atagona ndi kufika ku nchito mwezi wonse.

Sitikunena kuti kupita kunja kulibe phindu. Munthu akadzimana n'kusunga £200 pa mwezi, kuno ndi K6,000, yopitirira K5,100 imene ZRA imayambira kudula msonkho wa PAYE. Ndipo tikayeza ndi thukuta, kusiyana kumaonekeratu. Wosamalira okalamba uja amagula cakudya cake ca mlungu wonse ndi malipiro osafika a tsiku limodzi. Kuno wanchito wa panyumba, amene malipiro ake ocepetsetsa anaikidwa pa K1,300 kuyambira mu January 2024, anaona thumba la unga la 25kg likupitirira K300 caka comweco. Thumba limodzi linali kudya nchito ya mlungu wathunthu, ndiwo ndi makala tisanazichule. A JCTR, amene mwezi uliwonse amawerengera zofunika za banja la anthu asanu mu Lusaka, anapeza kuti mu 2024 zinapitirira K10,000. Amene akufuna kucoka sakulota, ali ndi zifukwa zomveka. Koma £200 ija ndi imene banja liyenera kuikapo mtima, ndi kukumbukira kuti yatuluka m'mashifiti a usiku.

Cinanso cimene foni siionetsa ndi zimene nchito imapereka kuwonjezera pa malipiro. Ku UK wogwira nchito masiku asanu pa mlungu ali ndi masiku 28 a chuti colipidwa pa caka. Akadwala amaonana ndi dokotala wa NHS popanda kulipira pakhomo, ndipo abwana amamuikira 3 peresenti kapena kuposapo m'thumba la penshoni. Izi ndi ndalama ndithu, ngakhale sizilowa m'thumba la buluku.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Viza ya nchito imam'mangirira munthu kwa abwana amene anamuitana. Kampaniyo ikalandidwa cilolezo, munthu amapatsidwa masiku 60 kuti apeze ina kapena acoke m'dzikomo, ndipo saloledwa kulandira cithandizo ca boma cimene nzika zimalandira nchito ikatha. Kuyambira pa 11 March 2024, osamalira okalamba olembedwa kumene saloledwa kutenga mwamuna, mkazi kapena ana, kutanthauza kuti malipiro amodzi aja akusunga nyumba ziwiri. Ndipo pa 22 July 2025 njira imeneyi inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja kwa UK. Aliyense amene lero akukuuzani kuti mum'patse ndalama akupezereni malo a nchito imeneyi akufuna kukudyerani puloti yanu.

Ku South Africa, kumene ambiri amafika pa basi, nkhani ndi yomweyi pa mlingo wocepa. Malipiro ocepetsetsa kuyambira mu March 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo amakhudza anchito a panyumba ndi a m'mafamu omwe. Mu 2025, wogwira maola 45 pa mlungu anali kupeza pafupifupi R5,600 pa mwezi. Pamenepo acotsepo renti ya kacipinda ku Johannesburg ndi taxi ya m'mawa ndi madzulo. Kuli thumba la UIF, limene wanchito ndi abwana amaikamo 1 peresenti aliyense, lothandiza munthu nchito ikatha kapena akapita ku ucembere. Koma wopanda mapepala nthawi zambiri salembetsedwa, ndipo abwana akam'patsa zocepera pa lamulo amaopa kukadandaula. Malipiro a m'buku la boma ndi malipiro a munthu wobisala ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Cimene cimatidabwitsa n'cakuti kuwerenga kolakwika kumeneku timakucitanso pa nchito za kuno kwathu. Timasirira chuti ndi penshoni za ku UK ngati kuti ife tilibe. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa wanchito masiku awiri a chuti pa mwezi uliwonse. Mayi ali ndi milungu 14 ya ucembere, yolipidwa mokwanira ngati wagwira zaka ziwiri kwa abwana omwewo, ndiponso tsiku limodzi pa mwezi lija timati Mother's Day. Wa kontrakiti yopitirira caka cimodzi ayenera kulandira gratuity yosacepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira. Ku NAPSA wanchito amaika 5 peresenti, abwana 5 peresenti; ku NHIMA 1 peresenti aliyense.

Tsopano yerekezani nchito ziwiri m'tauni imodzi. Yoyamba ikupereka K4,500 pamanja, popanda pepala lililonse. Yaciwiri ikupereka K4,000 pa kontrakiti ya zaka ziwiri. Ambiri a ife tingathamangire yoyamba. Koma pa yaciwiri, atadula K200 ya NAPSA ndi K40 ya NHIMA, munthu amatenga K3,760. M'dzina lake ku NAPSA mumalowa K400 mwezi uliwonse, ndipo gratuity yake imakula ndi K1,000 pa mwezi. Zonse pamodzi ndi K5,160, osawerengera khadi la kucipatala ndi chuti colipidwa. Nchito yooneka yaing'ono ija ndiyo ikulipira zambiri.

Tikudziwa yankho limene ambiri angapereke: njala ndi ya lero, penshoni ndi ya mawa, ndipo K740 yosiyana pamanja ndi matumba awiri a unga. N'zoona, ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala sitingamuweruze. Komanso anthu ambiri m'dziko muno ali m'minda, m'misika ndi m'maganyu, kumene malamulo amenewa safika n'komwe. Koma tikumbukire zimene zinacitika mu 2023, boma litalola mamembala a NAPSA kutapako 20 peresenti ya ndalama zao. Amene analembetsedwa anaima pa mizere n'kutenga ndalama zomangira ndi zoyambira malonda. Amene anagwirizana ndi abwana kuti “musandidule, ndipatseni yonse” anangoonerera. Enanso anapeza kuti abwana anali kudula pa payslip koma osapereka ku NAPSA. Cimene cimapangitsa zopindula za ku UK kukhala zenizeni n'cakuti anchito amazidziwa ndipo amazifunsa. Ife tili nazo zambiri pa pepala, koma timacita manyazi kufunsa.

Conco nchito ikapezeka, kaya ndi ku Manchester, ku Pretoria kapena pa shopu ya ku Katete, tisayambe ndi funso lakuti “alipira zingati?” n'kulekera pomwepo. Tifunse kuti zitsala zingati msonkho, renti ndi mayendedwe zikacoka. Tifunse kuti tikadwala mwezi wathunthu cidzacitika n'ciani, ndiponso kuti abwana akatitaya tidzagwira pati. Tikhale ndi cizolowezi coyang'ana sitetimenti yathu ya NAPSA, tione ngati zodulidwa zikufikadi.

Ndipo inu amalume ndi azakhali amene muli ndi mwana kunja, musanatumize uthenga wa pa WhatsApp wopempha za feteleza, yambani mwamufunsa kuti renti amalipira zingati ndipo wagona maola angati mlungu uno. Mukamva yankho, mudzadziwa kuti K3,000 imene anatumiza mwezi watha inali yolemera motani.