Ubale wa Sukulu Uyambire M'kope la Mwana

Ndikauza aphunzitsi kuti kalasi yawo ingathe kugwira ntchito limodzi ndi kalasi ya m'dziko lina, yankho limabwera msanga ndipo limakhala limodzimodzi: "Koma ife kuno tilibe makompyuta." Ena amawonjezera kuti magetsi kulibe, ana ndi ochuluka, Chingerezi chawo n'chosathyakuka. Zonsezi n'zoona ndipo sindikuzikana. Chimene ndikukana ndi ganizo lobisika m'yankholi, lakuti ubale wa sukulu ziwiri umayamba makina akafika. Ine ndikuti umayamba tsiku limene mwana walemba chinthu akudziwa kuti kwinakwake kuli mwana mnzake amene akudikira kuchiwerenga.

Zimenezi ndinaziphunzira kwa anthu akuluakulu, m'sukulu za kwacha. Mayi wa zaka makumi anayi sabwera kudzakhala pamkeka masana onse chifukwa chokonda zilembo. Amabwera chifukwa mwana wake ali ku Joni ndipo watopa kupempha mwana wa eni kuti amuwerengere uthenga, zinsinsi za m'banja n'kumamveka mudzi wonse. Mayi wotere mukamupatsa mawu oti angokopera pabolodi amajomba sabata yachitatu. Mukamuthandiza kulemba mizere iwiri yopita kwa mwana wakeyo, ndipo yankho n'kubwera, simudzamuitananso. Adzabwera yekha ngakhale mvula ikugwa. Ana a sitandade 6 sasiyana ndi mayiyu. Chaka chonse amalemba zinthu zimene amaziwerenga ndi munthu mmodzi yekha, mphunzitsi, ndipo iyenso amawerenga pofuna kupeza zolakwa.

Njira yophunzitsa ana mwa kulemberana ndi kalasi yakutali ndi yakale kuposa kompyuta. M'zaka za m'ma 1920, mphunzitsi wina wa ku France, Célestin Freinet, amene ankaphunzitsa pasukulu yakumudzi ku Bar-sur-Loup, anayamba kutumiza zolemba za ana ake kwa ana a mphunzitsi mnzake René Daniel ku Brittany, mbali ina ya dzikolo. Ana a kumapiri ankafotokoza za kwawo, a kunyanja nawonso za kwawo, ndipo ankatumizirana ngakhale timaphukusi ta zinthu zopezeka m'dera lawo. Zonse zinkayenda pa positi. Patapita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mu 1988, bungwe limene lero limatchedwa iEARN linayamba polumikiza sukulu za ku Moscow ndi za m'chigawo cha New York, nthawi imene maboma a mayiko awiriwo ankayang'anizana ndi diso lofiira. Apa makompyuta analipo, koma chimene oyambitsawo anatsindika n'chakuti ana azichitira limodzi ntchito yooneka. Mu 1997 World Bank inayambitsa World Links, kuyambira ku Uganda, kenaka n'kufika ku Zimbabwe, Mozambique, South Africa ndi mayiko ena. Makina a nthawi imeneyo lero sangayake n'komwe. Koma mphunzitsi amene anaphunzira kukonza ntchito ya ana a mayiko awiri luso lake likadalipo, ndipo angaligwiritse ntchito ndi foni ya m'manja.

Pali vuto lina lalikulu kuposa kusowa kwa makina, ndipo ndi limene limandiwawa. Chaka china ndinaitanidwa kusukulu ina yakumudzi imene inapeza abwenzi ku Ulaya. Ahedi anandionetsa monyadira mulu wa makalata amene ana analemba kuti atumizidwe. Nditawerenga atatu ndinazindikira kuti ena onse ndawerenga kale. Kalata inali imodzi, yokopedwa pabolodi, dzina lokha ndilo linkasintha. Inkati ife ndife osauka, tilibe mabuku, tilibe mpira, chonde tithandizeni. Ndinafunsa kamtsikana kena kuti kunyumba kamagwira ntchito yanji. Kanandifotokozera mmene amafutsira masamba a nyemba ndi nkhwani kuti adzadye m'chilimwe, momveka bwino ndithu, mpaka mmene amadziwira kuti mfutso wauma. Zimenezo m'kalata munalibe. Abwenzi aja anatumiza katoni ya mabuku ndi mipira iwiri, zithunzi zinajambulidwa, ndipo ubalewo sunafike chaka chachiwiri. Kunalibenso choti n'kukambirana. Akuluakulu anati chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera.

Musandimve molakwa, aphunzitsi anzanga. Sukulu yopanda mabuku ikalandira mabuku ndi bwino, ndipo ahedi aja sanali munthu woipa. Ankafunira ana ake zabwino. Koma taganizani zimene ana a mbali zonse ziwiri anaphunzirapo. Athu anaphunzira kuti ukakumana ndi mzungu, mawu oyamba ndi kudandaula. Awo anaphunzira kuti mwana wa ku Africa ndi munthu womumvera chisoni. Maphunziro awiri onsewa ndi abodza, ndipo tinawaphunzitsa ife tomwe, pa nthawi ya kalasi. Ngati pali nkhani ya thandizo, ikambidwe ndi akuluakulu, a komiti ya sukulu ndi anzawo a uko, m'makalata awoawo. M'makope a ana isalowemo.

Ambiri tikamva za ubale wa sukulu maganizo amathamangira ku Ulaya, ndipo pali chifukwa chake. Ku Malawi, mwachitsanzo, ubale ndi Scotland ndi wakale: mzinda wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo kwa David Livingstone, ndipo mu 2005 maboma a Malawi ndi Scotland anasainirana pangano la mgwirizano, limene linalimbikitsa sukulu zambiri kupalana ubwenzi. Mwayi wotere ukapezeka, utengeni. Koma mphunzitsi amene akuyamba kumene ndimamulangiza kuyang'ana kaye kutsidya kwa malire apafupi. Mwana wa ku Mchinji ndi mwana wa ku Chipata ali m'mayiko awiri, ndalama zawo ndi ziwiri ngakhale zonse zimatchedwa kwacha, nyimbo za fuko ndi ziwiri, koma akalemberana amamvana popanda womasulira. Chimodzimodzinso wa ku Dedza ndi wa ku Angónia m'chigawo cha Tete, amene kusukulu amaphunziranso Chipwitikizi. Ku Zimbabwe, malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo kumeneko kuli zidzukulu za anthu amene anachoka kuno kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Chaka ndi chaka mu Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pamwambo wa Kulamba. Makolo amawoloka malirewa nthawi zonse. Zolemba za ana athu zokha ndizo siziwoloka.

Ubwino wa mnzako wapafupi ndi wakuti palibe amene akuyembekeza katoni kuchokera kwa mnzake. Ubwino wina ndi wa chilankhulo. Mwana amene Chingerezi chimamumanga lilime amalemba ziganizo zitatu zouma, koma m'chilankhulo chake adzadzaza tsamba, ndipo adzakangana ndi anzake pa kalembedwe ka mawu chifukwa safuna kuti a kutsidya amuseke. Mkangano umenewo ndiye phunziro la chilankhulo limene timalifuna. Adzadabwanso kuona kuti mawu ena amene iye amawayesa a aliyense, anzake a ku Lusaka amawanena mwina. Akazolowera kulembera munthu weniweni, Chingerezi chidzabwera pambuyo, pamene mwapeza kalasi ya ku Gaborone kapena ku Glasgow.

Nanga ntchito yoyamba ikhale yotani? Ikhale yaing'ono, yotha m'teremu imodzi, ndipo ichokere m'silabasi imene mukuphunzitsa kale. Ichi ndicho ndimayankha amene amati nthawi palibe chifukwa cha mayeso. Ngati ntchitoyo ikufuna kuti mutsale masana, mwasankha molakwika. M'sukulu za akuluakulu timagwiritsa ntchito njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linaiyesa koyamba pakati pa 1993 ndi 1995 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador, potsata maganizo a Paulo Freire. Ophunzira amajambula pansi mapu a mudzi wawo kapena kalendala ya chaka, ndi timiyala, timitengo ndi njere, asanakopere papepala. Ana amaikonda njirayi kuposa akuluakulu. Auzeni ajambule kalendala yosonyeza mwezi umene mvula imayamba, umene amadzala, umene chakudya chimachepa m'nyumba, umene malungo amavuta, umene mango amapsa. Kalasi inayo ichitenso chimodzimodzi, musinthane, ndipo gulu lililonse lilembe mafunso atatu pa zimene silinamvetse. Apo mwaphunzitsa za nyengo, ulimi, zaumoyo ndi kalembedwe ka mafunso osatuluka m'silabasi.

Kwa amene mnzawo ali kutali kwenikweni, pali ntchito ina imene ndimaikonda chifukwa imafuna ndodo ndi rula basi. Cha pa 21 Malichi kapena pa 23 Seputembala, dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa ikweta. Imikani ndodo yotalika mita imodzi pamalo osalala, ana ayeze mthunzi wake masana pamene wafupikitsitsa. Ku Lilongwe udzakhala pafupifupi masentimita 25 ndipo udzaloza kummwera. Ku Glasgow tsiku lomwelo udzakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka, wolozanso kumpoto. Musawauze chifukwa chake. Asiyeni makalasi awiriwo asinthane manambala, ayambe atsutsana kuti wina wayeza molakwa, kenaka mutulutse mpira ndi tochi. Pa ntchito imeneyi palibe wolemera kapena wosauka, ndipo nambala ya mwana wa kuno ndi yofunika kwa anzakewo monga momwe yawo ilili yofunika kwa iye.

Pewani zoti mwana aliyense akhale ndi mnzake wakewake wolemberana naye. Zimamveka zokoma koma sizitheka. Inu muli ndi ana 90, mnzanuyo ali ndi 28, ndiye ena 62 atani? Ngakhale manambala atafanana, wina adzadwala, wina adzasamuka, ndipo mwana amene sanalandire yankho tsiku limene anzake onse alandira sadzaiwala. Kalasi ilembere kalasi, m'magulu a ana asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo muonetsetse kuti cholembera sichikhala m'manja mwa mnyamata mmodzi yemweyo nthawi zonse.

Musanalonjeze ana chilichonse, khalani pansi ndi kalendala. Ichi chimagwetsa maubale ambiri mwakachetechete. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa chimayamba mu Januwale, ku Scotland mu Ogasiti. Ndiye kuti mukayamba ntchito mu Novembala ndi kalasi ya ku Chipata, pofika Januwale anzanuwo apita giredi ina, mwinanso kwa mphunzitsi wina, inu mukadali ndi ana omwewo akudikira yankho. Lembani masabata amene nonse muli m'kalasi ndipo simuli pa mayeso. Mudzapeza kuti ndi ochepa kuposa mmene mumaganizira, mwina asanu ndi atatu. Ntchito yanu ikwane m'menemo, ndipo mugwirizane masiku enieni otumizirana, katatu kokha n'kokwanira.

Za chilolezo ndinene mwachidule. Ahedi adziwe, komiti ya sukulu idziwe, mlangizi wa sukulu za m'dera lanu adziwenso, ndipo makolo auzidwe pamsonkhano kuti ana awo akulembera yani ndipo chifukwa chiyani, kuti pasabuke mphekesera. Zonse zidutse m'manja mwa aphunzitsi. Mwana asapereke nambala ya foni kapena dzina la bambo ake, ndipo nkhope yake isajambulidwe makolo asanavomere. Jambulani ntchito yakeyo, ndiyo ikufunika. Pasukulu pakhalenso aphunzitsi awiri odziwa za ubalewo, chifukwa tonse tikudziwa mmene kalata yosamutsa munthu imafikira mosagogoda.

Katumizidwe ndiko kosavuta kuposa zonse, ngakhale kuti ndiko timayamba kudandaula nako. Foni imodzi yojambula ikwanira: tsamba lililonse lijambulidwe powala bwino, litumizidwe pa WhatsApp tsiku limene mwapita kumene netiweki imagwira. Kumalire, envulopu ingathe kuyenda ndi mphunzitsi mnzanu kapena munthu wa kumpingo wodalirika amene amawoloka kawirikawiri. Ndalama ya bandulo isachoke m'thumba lanu mwezi ndi mwezi, chifukwa mudzatopa. Ikambidwe ku komiti pachiyambi pomwe. Mnzanu woyamba mungamupeze kudzera mwa aphunzitsi amene mukuchita nawo maphunziro ano, kumpingo, kapena ku mabungwe onga iEARN amene ali ndi ntchito zokonzedwa kale zoti kalasi ingolowamo. Mukamupeza, mulemberane inu awiri kaye kwa masabata angapo. Ngati akutenga mwezi kuti ayankhe inu, adzatenganso mwezi kuyankha ana anu, ndipo ndi bwino kudziwiratu ana asanamve kalikonse.

Yankho likafika musalisunge mu ofesi ya ahedi kudikira alendo. Ngati labwera pafoni, gulu lililonse likopere gawo lake papepala lalikulu, mapepalawo akhomedwe pakhoma potalika pofika maso a ana. Liwerengedwe mokweza, kawiri, ndipo owerenga akhale ana. Inu khalani kumbuyo ndi kope lanu, muzilemba mafunso amene akufunsana okhaokha, chifukwa kalata yachiwiri idzachokera m'mafunso amenewo.